Simenti ku Mapazi a Wodwala

Madzulo amenewo Make mapasa anali pakhonde akupinda diresi la kasitomala, phazi lili pa makina koma maso ali pa chipinda chatsopano. Nkhaniyi anandiuza ndi mchemwali wanga amene amasoketsa zovala pakhomopo. Mchemwali wangayo sadziwa kukometsera nkhani, ngakhale ya ukwati wake amaifotokoza mouma ngati akukuuzani njira ya ku chigayo, ndiye ine ndinamukhulupirira.

Chipindacho sichinali chodzionetsera. Amuna ake, makaniko wa pa galaja, anagwa ndi sitiroko ali pantchito. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, mawu anatha. Anali gone m'chipatala, mlongo wawo akuwadikirira, ndipo madokotala anali atanena kale kuti bedi likufunika odwala ena, akonzeke zowatenga. Koma akanawatengera kuti? Nyumba yakale inamangidwa pachitunda, yokwera ndi masitepe, zitseko zake zopapatiza moti chikuku cha wodwala sichikanalowa, chimbudzi chili panja kumunsi. Make mapasa anaitana mmisiri, nayamba kumanga chipinda chapansi m'mbali mwa nyumba, cha khomo lalikulu ndi chimbudzi chamkati.

Zoti kuli khonsolo anazikumbukira tsiku limene khonsoloyo inamukumbukira iye. Khoma litafika pa mawindo, anthu anabwera ndi penti yofiira n'kuimitsa ntchito. Apo ndiye anayamba kutha nsapato. Pulani mulibe, kajambulitseni. Pulani yabwera, wosaina ali kumsonkhano. Wosaina wabwera, wa chidindo wapita kumaliro. Pamapeto pake anamulola kumaliza, koma ndi lamulo limodzi: munthu asakhalemo, asagonemo, mpaka woyendera wa khonsolo ataona zonse n'kupereka chilolezo. Akapezamo munthu, chipinda chigumulidwa.

Woyenderayo anthu ankamutcha Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pamutu pake. Ankakhala kumtunda kwa msewu womwewo, ndipo madzulo aliwonse ankadutsa wapansi poweruka. Tsoka la Make mapasa linali lakuti pa anthu onse a ku khonsolo, anamugwera yekhayo amene sankalandira kangachepe. Madzulo amenewa anaima pa mpanda, osalonjera bwinobwino.

"Mayi, tinagwirizana chiyani? M'chipindamo mukumagona munthu."

Make mapasa analumbira kuti mapasa ali kusukulu yogonera komweko, amuna ake ali kuchipatala, pakhomo ali yekha. Chipewa anapukusa mutu. Anati wakhala akuona bambo atagona pansi mmenemo kukangoda, ndipo si kamodzi. Anati zawo akuzimvera chisoni, koma iye sanalembedwe ntchito ya chisoni. Mawa lake madzulo abwera ndi tochi, akapezamo munthu, thalakitala ibwera m'mawa.

Chipindacho chinali chofolera, pansi pothira simenti, koma chitseko chinali chisanaikidwe, mawindo ali mabowo chabe. Make mapasa anaganiza za chidakwa, kapena wamisala, kapena mmodzi wa anyamata a mmisiri amene wathamangitsidwa pa lendi. Mtima unamuwira. Iye kuvutika konseku, wina azidzagonamo ulele n'kumugwetsera chipinda? Anatenga sipanala yaikulu ya amuna ake, nakhala m'khitchini pa windo loyang'ana chipindacho.

Kunada. Magetsi anathima monga mwa masiku onse. Ana a pafupi anasiya kusewera, wailesi ya kwa aneba inazilala, kunangotsala mwezi wochepa. Kenako anamva miyala ikulira panja, pamene mmisiri anasiya mulu wa kware. Anali mapazi opanda nsapato, oyenda mosafulumira.

Munthuyo anatulukira pakona ya nyumba. Anavala malaya a m'chipatala, omanga zingwe kumbuyo aja. Asanaone nkhope, Make mapasa anadziwa kayendedwe, kuponya phazi lamanzere kunja pang'ono ngati munthu wozolowera kulambalala zitsulo pansi. Thupi lonse linachita tsemwe. Sipanala inamuterereka m'manja, koma munthuyo sanacheuke.

Analowa m'chipindamo. Make mapasa anatuluka mwakachetechete, nakaima pa bowo la windo. Amuna ake anali kuzungulira, akusisita khoma ndi chikhatho. Chinali chikhatho chamanja, chomwe chija chinafa, chimene iye ankachitembenuza ngati nsanza akapita kukawaona. Anagogoda pulasitala ndi chala kumvetsera ngati yagwira. Anasuzumira m'chimbudzi. Kenako anagona chagada pa simenti, pakona pamene Make mapasa ankaganiza zoika bedi, napumira m'mwamba.

"Bambo a mapasa," anaitana.

"Ndingopumako pang'ono kwathu kuno," anayankha iwo, maso ali kudenga. "Uko sikugoneka."

Mawu anali awo enieni, omveka bwino, amene mkaziyo anali asanawamve chigwereni matendawa. Misozi inangoyamba yokha. Koma kulowa sanalowe, mantha anamukanika. Anabwerera chambuyo mpaka kukhonde, naimbira mlamu wake kuchipatala.

Mlamuyo anati achimwene ali mtulo, akuwaona ndi maso ake, bulangete likukwera ndi kutsika. Anati ndipotu masiku ano akugona bwino kwabasi, kukangoda iwo tulo, ndipo m'mawa akumadzuka owala nkhope, dzulo anagwedeza chala mpaka anamwino anaitanizana. Kenako anatsitsa mawu. Anati pali kanthu kamodzi kokha kamene sakukamvetsa, ndipo sanauze munthu. M'mawa uliwonse akamawasambitsa akumapeza mapazi ali mbuu ndi fumbi lotuwa, ngati simenti, pamene munthu sanatsikepo pabedi.

Make mapasa anadula foni. Anakhala pakhondepo mpaka kuzizira kunamulowa m'mafupa. Pamene analimba mtima kukasuzumiranso, m'chipindamo munalibe munthu.

Kutacha mutu unamuima. Akauza ndani? Apite kwa Chipewa akanene kuti bwana, amene mukumuonayo ndi mwamuna wanga, koma musadandaule, thupi lake lili kuchipatala? Anayesa kupita ku khonsolo kukapempha kuti ayendere masana omwewo, zithe. Anamuuza kuti woyendera ali kumalo ena, ndipo zinthu zili ndi ndondomeko yake. Anatuluka mu ofesimo akulira poyera, osasamala anthu a pamzere.

Panjira anawerengera zonse. Amuna ake akuchira chifukwa chobwera kwawo, zimenezo anazidziwa popanda womuuza. Koma akabwera lero, Chipewa awapeza, chipinda chigwa, ndipo akatulutsidwa m'chipatala adzafikira pa masitepe. Anadziuza kuti ndi usiku umodzi wokha. Usiku umodzi akagone uko, mawa lake adzalowe m'chipinda chawo ndi thupi lomwe. Anadziuza zimenezi kambirimbiri, chifukwa mtima sunkavomera.

Anapita kwa kalipentala, namugwira mwendo kuti asiye ntchito zina. Dzuwa lisanalowe chitseko chinali chitaikidwa ndi loko wake, mawindo atakhomedwa matabwa. Kalipentala anaseka kuti mayi mukutseka chonchi ngati muli golide, mulibe ngakhale mpando. Make mapasa anakhoma, namanga kiyi pa nsonga ya nsalu yake.

Chipewa anafika kutangoda, tochi ili m'manja. Anamuuza kuti atsegule, anaunika ngodya zonse, anaunika m'chimbudzi ndi kudenga. Anatuluka, Make mapasa anakhomanso msangamsanga. Chipewa akanapita pomwepo bwenzi zili bwino. Koma munthu wa malamulo safulumira. Anaima pabwalo n'kuyamba kufotokoza za mapaipi a madzi oipa, za mtunda wa pakati pa khoma ndi mpanda, za anthu amene amamanga pamwamba pa ngalande.

Miyala inalira pakona ya nyumba.

Make mapasa anali atafulatira chipindacho, ndipo sanayerekeze kucheuka. Anamva mapazi akudutsa kumbuyo kwake, pafupi moti tsitsi la m'khosi linaima. Anamva akuima. Chogwirira chitseko chinatsika, n'kubwerera. Chinatsikanso. Kenako kugogoda, kwaulemu, ngati kwa mlendo.

Chipewa anadula nkhani yake naponya kuwala pa chitsekocho. Panalibe kanthu, thabwa latsopano lokhalokha. Anafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Make mapasa anati ndi matabwa aawisi, amalira kukazizira. Kugogoda kunabweranso, tsopano ndi chikhatho chonse, ndipo pansi pa kugogodako anamva mawu otopa, oyandikira khutu lake.

"Make mapasa, tanditsegulira. Ndine."

Anayang'ana Chipewa. Nkhope yake sinasonyeze kuti wamva mawu, koma maso anali atachepa ndi kukayika.

"Mayi, ndifunse komaliza. Alipo amene amakhala m'chipinda muno, kapena amene mukumudikira kuti agonemo lero?"

Kiyi anali m'dzanja lake, atamufinya mpaka kumutema. Kukanangotengera kutembenuka basi.

"Palibe, bwana," anatero mokweza. "Muno simukhala munthu. Sindikudikira aliyense."

Kugogoda kunaleka. Kunakhala zii. Kenako miyala inaliranso, pang'onopang'ono, koma osati kulowera kumene mapaziwo anachokera. Analowera kumsewu.

Chipewa anathimitsa tochi, nati mawa apite akatenge chilolezo, ndipo anapepesa kuti mwina maso ake ndiwo ankamunamiza. Atangokhota, Make mapasa anathamangira chitseko, nachitsegula chonse. Anaitana. Anazungulira nyumba akuitana, anatsika kumsewu wopanda nsapato, kufika mpaka pa mlatho, agalu akumuuwa, anthu akusuzumira m'mawindo. Anabwerera yekha. Anakhala pakhomo la chipindacho, chitseko chili pululu, mpaka tambala analira.

Foni ya mlamu wake inabwera dzuwa likutuluka. Achimwene sakudzuka. Kupuma akupuma, mtima ukugunda bwinobwino, koma kuwagwedeza, kuwaitana, kuwatsina, palibe chikuchitika. Ndipo mapazi lero alibe fumbi lija. Ali ndi matope, ndi minga, chala chimodzi chikutuluka magazi ngati cha munthu wopunthwa.

Chilolezo chinatuluka tsiku lomwelo, chosainidwa ndi chodinda bwino. Palibe anamuuza kuti abwere mawa. Madokotala anayeza zoyeza zawo, napukusa mitu, ndipo patapita masiku anati palibenso chimene angachite, akawasamalire kunyumba. Chikuku chinalowa pa khomo lalikulu lija osakhudza mbali. Anawagoneka pakona pomwe paja.

Anthu a m'deralo amanong'ona zosiyanasiyana. Ena amati mkaziyo anawapusitsa amuna ake ndi mankhwala kuti nyumba ikhale yake. Amene amanena zimenezi sanamuonepo mmene waondera. Achikulire ena amati munthu akadwala kwambiri, chamkati chake chimatsogola kupita kumene mtima uli, ndipo chikamva pakamwa pa mwini nyumba kuti sichikudikiridwa, chimakafuna kwina kofikira. Chipewa masiku ano amadzera msewu wina.

Make mapasa anachotsa chitseko chija, anachizula ndi mahinjesi omwe, ngakhale nyengo yozizira pamangokhala nsalu. Madzulo aliwonse amaima pampanda n'kunena mokweza, osaopa kuti amutcha wamisala, kuti muno mumakhala munthu, ndipo akumudikira. M'mawa uliwonse amabwera ndi beseni, amavundukula bulangete kumiyendo, n'kuyang'anitsitsa mapaziwo asanawasambitse, kuti adziwe kumene amuna ake afika.

Poyamba ankapeza dothi lakuda la kudambo la kuseri kwa msika, ndipo ankathamangira komweko kukaitana. Kenako linali dothi lofiira la kumapiri, ulendo wa basi. Anapitanso. Tsiku limene mchemwali wanga anakatenga diresi lake, anamupeza atakhala pansi pambali pa bedi, beseni lili pamiyendo, akupukusa pakati pa zala mchenga woyera wosalala umene anaupeza ku mapaziwo.

"Inu mwayendako kutali," anatero, akumutambasulira dzanja. "Tandiuzani, mchenga wotere umapezeka kuti?"

Mchemwali wanga anauyang'ana, naugwira. Sanauonepo kwina kulikonse.