Chikombole Chofiira cha Amayi

"Ine moto umandiopa," anatero amalume a Venansio. "Ukandiona umagwada."

Amalumewa amakhala kwa Anjelina, ku Chilomoni. Ntchito akuifunafunabe. Koma nkhani ali nazo zambiri.

Linali tsiku lobadwa la amayi a Anjelina. Amayiwo anali kumsika. Anjelina ankafuna kuwaphikira keke.

Anasakaniza fulawa, mazira ndi shuga. Kenako anatenga chitini. Chinali chachitsulo, chakuda bii.

"Chimenecho ndi cha keke kapena chotayira phulusa?" anafunsa amalume. "Tenga chofiira chija."

Anjelina anayang'ana pamwamba pa kabati. Panali chikombole cha keke chatsopano. Chinali chofiira. Chinali chofewa ngati labala. Amayi ankachisungira tsiku limene adzagule uvuni. Ankachipukuta fumbi Lamulungu lililonse.

"Amalume, ife tili ndi mbaula basi. Chisungunuka."

"Iwe, sayansi umaidziwa?"

"Ayi."

"Ine ndimaidziwa. Ndinafikako fomu wani."

Amalume anatsitsa chikombole. Anathiramo zosakaniza zija. Anatuluka nacho panja. Ankafuna kuchikhazika pamakala penipeni.

Mtima wa Anjelina unagunda. Di! Di! Di! Mkulu sumukaniza. Koma chikombole n'cha amayi.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "amayi amayamba aika mchenga."

"Eya, mchenga. Ndimakuyesa dala."

Anjelina anatenga poto wamkulu. Anathiramo mchenga. Anakhazika chikombole pamchengapo. Anavindikira. Amalume anaika makala pachivindikiro.

Kenako amalume anakhala pampando. Anatambasula miyendo pafupi ndi mbaula. Posakhalitsa anayamba kusinza.

Anjelina anadikira. Anadikira. Anadikirabe.

Kenako anamva fungo. Silinali fungo la keke. Linali fungo la labala wopsa.

Anjelina anayandikira mbaula. Anafuna kuvundukula. Chivindikiro chinali chotentha. Anafuna kuthawa. Athawira kuti?

"Amalume, dzukani. Chikupsa."

"Ndi matayala amenewo," anatero amalume, maso ali chitsekere. "Akuwotcha kumsewu."

Fungo linakula. Linakulabe. Anjelina anaganiza za amayi. Anaganiza za chikombole chitasanduka phala lofiira. Misozi inalengeza m'maso.

Geti linalira, kwee. Amayi analowa, dengu lili pamutu. Anaima. Ananunkhiza.

"Ndani akuwotcha labala pakhomo panga?"

Amayi analowa m'nyumba. Anatuluka msanga.

"Anjelina, chikombole changa chili kuti?"

Anjelina analoza poto.

"Chili mmenemo, amayi. Ndimafuna kukuphikirani keke. Pepani."

"Ine ndinamuuza mwanayu kuti atenge chitini," anatero amalume.

Amayi anawayang'ana kamodzi kokha. Amalume anayang'ana kumwamba.

Amayi anatenga kansalu. Anagwira chivindikiro. Anjelina anatseka maso. Anawatseka zolimba.

"Tsegula maso, mwanawe," anatero amayi.

Anjelina anatsegula diso limodzi. Keke inali itafufuma. Chikombole chinali bwinobwino, chofiira psuu.

"Waika mchenga ndani?"

"Ine, amayi."

"Wachita bwino. Koma tsiku lina uziyamba wandifunsa. Ichi sichifuna kukhudza moto."

Amayi anamukumbatira. Mtima wa Anjelina unakhala pansi.

"Mwaona?" anatero amalume. "Ndinati moto umandiopa ine."

Koma fungo lija linalipobe. Amayi ananunkhiza uku. Ananunkhiza uko. Kenako anayang'ana pansi.

"Achimwene, mapazi anu akufuka utsi."

Amalume anayang'ana. Patapata wawo anali atamatirira kumbaula. Ankasungunuka pang'onopang'ono.

"Mayo ine! Madzi! Madzi!"

Amalume analumpha ndi mwendo umodzi. Anagwetsa mpando. Anathamangira kubafa. Anaponda m'beseni la zochapa, phava!

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Nayenso Anjelina anaseka, misozi isanaume.