Shuga M'vinyo wa Ignasio

Tisunge anakumana ndi Ignasio pasiteji ya Bembeke tsiku lina la chisanu, akulimbana ndi thumba la mbatatesi lomwe kondakitala anangoliponya pansi. Mnyamatayo anatsika m'galimoto yake nalinyamula, jekete yonse n'kuda ndi dothi.

"Mtsikana wokongola chonchi kumavutika ndi thumba? Kwera, ndikakutule," anatero.

Kuyambira pamenepo foni ya Tisunge sinkapuma. "Duwa langa, wadzuka?" "Wapamtima, popanda iwe ngakhale tiyi sakutsika." Ignasio ankagwira ntchito pahotela ina ku Lilongwe, ndipo akayamba nkhani ya vinyo sankamaliza. Ankati vinyo amakoma akakalamba. Tisunge, yemwe anakulira thobwa, ankangovomera ngati akumva.

Loweruka lina Ignasio anabwera ndi mabotolo atatu, mapepala ake atachita kufiira ndi ukale.

"Ndawasunga zaka zambiri kudikira mkazi woyenera," anatero atamugwira dzanja. "Mawa masana uitane anzako tidzalawe limodzi. Utseguliretu botolo limodzi lokha kuti lipume. Ndili ndi mawu oti ndinene pamaso pawo."

Mawu oti anene! Akanakhala mawu anji kupatula a ukwati? Potuluka m'tchalitchi Lamulungu, Tisunge anali atanong'oneza kale atsikana onse a kwaya kuti abwere adzaone mphete. Anabwereka matambula agalasi, nayala nsalu yoyera patebulo.

Kenako anatsegula botolo lija n'kulawa pang'ono. Nkhope inakwinyika. Lilime linachita khambi ngati wadya nthochi yosapsa!

"Lawonongeka ili," anadziuza, natsegula lachiwiri. Chimodzimodzi. Lachitatunso chimodzimodzi.

Ndiye kuti wokondedwa wake anagulitsidwa zinthu zosasa? Achite manyazi pamaso pa anthu tsiku lalikulu ngati ili? Ayi ndithu! Anakhuthulira mabotolo onse mundowa yoyera, nathira shuga ndi sikwashi wa malalanje, n'kutakasa bwinobwino. Atalawanso anamwetulira. Tsopano zinali zomweka.

Anzake atafika anayamikira koopsa.

"Koma vinyo wa anthu olemera amatsekemera, eti!" anatero Kettie, mnzake wapamtima, akupempha kapu yachiwiri.

Ignasio analowa atavala tayi, akupereka moni mwaulemu. Maso ake atagwera pa mabotolo opanda kanthu, moni uja unathera panjira.

"Tisunge, vinyo ali kuti?"

"Usadandaule dali, anali atasasa yense. Ndamukonza ndi shuga," anayankha monyadira, akuloza ndowa.

"Wamukonza? Onse atatu? Ndinati limodzi!" Ignasio anagwira mutu. "Awiriwa ndinangobweretsa kuti anzako aone! Ndi mphatso ya paukwati wathu imeneyi. Flossie akuwasungira tsiku lokwanitsa zaka khumi tili pabanja. Andipha ine!"

Wina anatula tambula patebulo pang'onopang'ono.

"Achimwene, Flossie ndi ndani?" anafunsa Kettie.

Ignasio anatembenukira kumabotolo aja, koma aliyense anali atamva. Tisunge anamva kutentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Anachita manyazi ndi shuga uja, manyazi ndi matambula obwereka, koma kuposa zonse, manyazi ndi pakamwa pake pomwe panalengeza mphete kwa kwaya yonse. Lamulungu likubwerali adzaima bwanji pakati pawo n'kuyambitsa nyimbo?

"Nanga mawu munkati munena aja?" anafunsa Tisunge. Iwe uja anali atatha, panatsala inu.

"Zimenezo tikambirana," anatero Ignasio osamuyang'ana. "Pakali pano ndipatse mabotolowo. Ndikathiramo wina, mwina sazindikira. Zotsekera zake waika kuti?"

Atsikana anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi ngati wolakwa ndi iye. Kettie yekha anatsala, namukumbatira mnzakeyo paphewa.

Pamenepo Ignasio anagwada pamaso pa Tisunge, monga momwe mtsikanayo ankalotera. Anagwada ndithu, mawondo onse awiri pasimenti, n'kulowetsa mutu pansi pa tebulo kufunafuna zotsekera za mabotolo a mkazi wake.