Nyali Zoyang'ana Kumanzere

Pamene Gradimir ankatseka galaja ya Velibor, basi yomaliza inali itapita kalekale. Anaima panja n'kuyamba kutukwana chamumtima. Anatukwana basiyo, anatukwana nkhungu imene inakuta chigwa chonse, koma koposa zonse anatukwana chigalimoto chimene chinamusowetsa tulo sabata yonseyo.

Galimotoyo inali yakale, yobiriwira, ya chiwongolero cha kumanja. Bambo ake a Velibor, malemu a Obrad, anabwera nayo kuchokera ku Mangalande kumene ankagwira ntchito. Anayenda nayo miyezi yowerengeka chabe, kenako anaitsekera m'nyumba yosungiramo udzu wa ng'ombe, osaitulutsanso mpaka tsiku la imfa yawo. Tsopano mwana wawo anali ataifukula, ndipo anachita kulumbira kuti mawa, pa ukwati wake, mkwatibwi akwera imeneyo basi. Chotsala chinali chakuti m'mamawa ikadutse kwa oyeza magalimoto.

Gradimir anali mmisiri wa mawaya a galimoto, ndipo ntchito anaigwiradi. Mawaya odyedwa ndi makoswe anazula onse, maindiketa anayamba kuphethira bwino, nyali yofiira yakumbuyo yoyatsa m'nkhungu anaisamutsira kumanzere monga lamulo lifunira. Vuto linali pa nyali ziwiri zakutsogolo. Ku Mangalande amayenda kumanzere kwa msewu, choncho nyali zawo zimaponya kuwala kumanzere kuti woyendetsa aone m'mphepete. Koma m'dziko la Gradimir amayenda kumanja. Nyali zoterozo zimathobwa m'maso amene akubwera kutsogolo kwako, n'kusiya m'mphepete mwa kumanja muli bii.

"Zatsopano zili m'katoni umo, tiyeni tingoika," iye anali atanena madzulowo.

"Amisiri, mwayamba misala kodi?" anatero Velibor. "Magalasi awa ndi enieni, galimotoyi inabadwa nawo. Ndiikepo nyali zapamsika ngati ndi thirakitala? Ingoziweramitsani pang'ono. Woyezayo ndi nkhoswe yanga, akayang'ana kumbali."

"Kuweramitsa sikuchiza. Zidzayang'anabe kumanzere."

"Inu mumadandaula ngati apongozi anga. Imwani kaye aka."

Kachasu wa mapulamu ali ndi njira yake yofewetsera munthu wotopa. Gradimir anamwa, n'kugonja. Pamene ankamasula nyali ya kumanja kuti aiweramitse, kanthu kanagwa kuchokera kuseri kwake n'kugubuduka pasimenti. Linali batani lachitsulo chachikasu lokhala ndi chizindikiro cha gudumu lamapiko, lofanana ndi a pa makhoti a anthu akale ogwira ntchito ku njanji. Analiponya m'thumba la buluku n'kuliiwala.

Tsopano anali yekha pamsewu wopita kwawo, chikwama cha zida chili paphewa, tochi ili m'manja. Mtima sunali m'malo. Mawa usiku phwando likadzatha, mkazi wake Desanka, amene anaitanidwa kukaphika, adzabwerera wapansi ndi mwana wawo wamkazi pamsewu womwewu. Ndipo galimoto ija idzadutsa momwemu kuperekeza akwati ku tawuni, woyendetsa atalawako za paukwati. Pamlatho kanjira ka oyenda pansi kali mbali imodzi yokha, ya kumanja.

"Aaa, usiku umodzi wokha si kanthu," anadzitonthoza. Koma mawuwo sanamufike pamtima.

Anafika pamanda. Makandulo a m'timabotolo tofiira amene anthu anasiya pamitumbira ankaphethira m'nkhungumo ngati maso a munthu wodwala. Gradimir sanabadwire m'chigwachi, anabwera atakwatira, ndiye analibe wake aliyense m'mandamo. Komabe anadzilemba mtanda pachifuwa n'kuwonjezera liwiro. Kunali zii. Ngakhale agalu a kumudzi, amene amauwa ndi tsamba lomwe, anali chete.

Kenako anamva mapazi.

Kwa... kwa... kwa... pamiyala ya m'mphepete mwa msewu.

Anaima. Mapaziwo anaimanso. Anaunika kumbuyo. Nkhungu yokhayokha. Anayambanso kuyenda, makutu ali tcheru.

Kwa... kwa...

Sanali kumbuyo. Anali pambali pake, kudzanja lamanja!

Anatembenuza tochi. Munthu! Bambo wamtali wovala chikhoti chakuda ndi chipewa cha anthu a njanji, akuyenda naye phazi ndi phazi, maso ali kutsogolo. Mtima wa Gradimir unangoti myuu.

"Mwandidzidzimutsatu, achikulire," anatero, akuyesa kuseka. "Basi yakusiyani nanunso?"

Munthuyo atayankha, mawu ake anali otsika, ngati ochokera m'chitsime.

"Ine ndimayenda kumanja kuno."

"Ee, kanjira kali komweko."

"Kumanja kuno kulibe kuwala."

Kunkazizira kwambiri moti mpweya wa Gradimir unkatuluka ngati utsi. Anayang'ana pakamwa pa mnzakeyo. Panalibe utsi. Tsitsi linamuyima. Anafuna kuthamanga, koma anangopitiriza kuyenda naye.

Anafika pamlatho. Pansi mtsinje unkalira mumdima. Bamboyo anaima pakati penipeni pa kanjira kaja, n'kutembenuka pang'onopang'ono. Tochi inagwera pachikhoti chake. Mabatani achikasu, a gudumu lamapiko, ondondozana bwinobwino mpaka pachifuwa. Pamenepo panali ulusi wokha ukulendewera. Limodzi panalibe.

M'thumba la Gradimir munayamba kuzizira ngati mwaikidwa mwala wochokera m'madzi oundana.

"Mwaidzutsa," anatero munthuyo.

"Chi... chiyani?"

"Galimoto ija inali itagona. Mwaidzutsa, koma maso ake simunawakonze."

Gradimir anabwerera m'mbuyo pang'ono. Munthuyo anapitiriza.

"Ndinali pano. Ndinaimva ikubwera kumbuyo. Ndinaona kuwala kukupita tsidya ilo, kumanzere... kumitengo uko. Ndinati andiona." Anapukusa mutu. "Sanandione."

Tochi inayamba kuphethira.

"Mawa akazi anu adutsa pano. Ndi kamtsikana."

Tochi inathima!

Mdima wa ndiweyani. Gradimir anaimenya pachikhatho. Kamodzi... kawiri... Itayaka, pamlatho panali iye yekha. Anaunika uku ndi uku. Palibe munthu, palibe mapazi. Kumapeto kwa mlatho kunangooneka kamwala kachikumbutso kokutidwa ndi minga, kamene anakhala akukadutsa zaka zonsezi osakayang'ana n'komwe. Sanayerekeze kukayandikira.

Kwawo kunali pafupi, kungowoloka basi. Desanka anali atamusungira chakudya pachitofu. Koma anatembenuka n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka kubwerera kumene anachokera, zida zikulira m'chikwama, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Pamanda anadutsa osacheuka.

Kiyi wa galaja anali naye. Anayatsa magetsi onse, n'kugwada patsogolo pa galimotoyo. Anachotsa nyali zakale zonse ziwiri. Mapulagi a zatsopano anali osiyana ndi akale, ndiye anadula mawaya, kulumikiza ena, kuwotcherera, kuika mafyuzi. Nthawi yonseyo sanayang'ane kuchitseko, chifukwa ankamva ngati wina waima pamenepo akumuyang'anira ntchito. Atamaliza anathimitsa magetsi n'kuyatsa nyalizo kuloza kukhoma. Kuwala kunagona mosalala kumanzere, n'kukwera kumanja, kumene kumayenda anthu. Anakhala pansi n'kutsamira tayala mpaka kunja kunayera.

Velibor anamupeza pomwepo, ndipo ataona magalasi akale ali pabenchi anagwira m'mutu.

"Amisiri! Mwandipha! Si tinagwirizana dzulo? Bwezeretsani msangamsanga!"

"Sindibwezeretsa. Ukafuna, peza mmisiri wina."

"Galimoto ndi yanga, si yanu!"

"Galimoto ndi yako, koma msewu si wako."

Phokosolo linakoka mayi ake a Velibor, a Stamena, amene analowa ndi thireyi ya khofi, duku lakuda lili kumutu.

"Mukukangana chiyani pa tsiku la ukwati? Gradimir, mwana wanga, nkhope yatuwa chonchi bwanji? Wagona muno?"

Gradimir anapisa m'thumba, natulutsa batani lija n'kuliika pathireyi, pambali pa makapu.

"Ndinalipeza kuseri kwa nyali ya kumanja, amayi. Ndipo usiku ndakumana ndi mwini wake pamlatho. Wamtali, wa chipewa cha njanji. Pachikhoti chake pakusowa limeneli."

A Stamena ataona batanilo, thireyi inapendekeka. Velibor analanda thireyiyo isanagwe, ndipo mayiwo anakhala pabokosi la zida.

"Tihomir," ananong'ona. "Ankasintha njanji pasiteshoni."

"Akukhala kuti? Ndikufuna ndikam'bwezere," anatero Gradimir.

"Wadutsa pakhomo pake usiku wapitawu, kumanda kuja. Anamupeza m'mamawa pamlatho, galimoto itamugunda n'kuthawa. Iwe Velibor unali usanabadwe, ndinali ndi mimba yako." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Usiku umenewo bambo ako anafika mochedwa, nyali imodzi itapindika. Anati agunda galu. Anaiwongola okha, n'kutsekera galimoto m'nyumba ya udzu. Pamaliro a Tihomir ananyamula nawo bokosi. Ine ndinafunsa kamodzi kokha, ndipo anandiyankha kuti anayang'anitsitsa msewu wonse, panalibe munthu."

Velibor anayang'ana magalasi enieni aja pabenchi, amene dzulo ankawapukuta ndi mpango wake. Anawanyamula onse awiri, nawaika m'katoni, n'kutseka.

Usiku wa ukwatiwo Gradimir sanalole wina kugwira chiwongolero. Sanalawe kachasu ngakhale dontho, ndipo anayendetsa yekha, akwati ali kumbuyo. Atayandikira mlatho, nyali zinaunika kanjira ka kumanja konse kuti mbee. Patali ndithu anaona Desanka atasenza poto, mwana wawo ali pambali pake, akuyenda osacheuka. Anachepetsa liwiro n'kuwalambalala bwinobwino.

Kumapeto kwa mlatho minga inali itasadzidwa masana omwewo, ndipo pakamwala paja pankayaka kandulo imene a Stamena anasiya. Kuwala kwa galimoto kunagwera pachithunzi chomatidwa pamwalapo. Nkhope yaitali, chipewa cha njanji, chikhoti chakuda. Gradimir anaizindikira nthawi yomweyo. Pansi pa chithunzicho panali batani lachikasu, likunyezimira.