Woyamba Kukwera Njinga ya ba Edwell

Linali Lachisanu madzulo, tsiku ngati masiku onse a mu komboni ya Mtendere. Minibasi zikuliza mahutala kumsika, azimayi akupepeza mbaula, fumbi la Okutobala lili koboo. Kuseri kwa nyumba ya mayi awo, ba Edwell anali atagwada pa thumba la simenti, patsogolo pa njinga imene inawadyera miyezi isanu ndi inayi.

Njinga imeneyo, abale, mukanaiona. Felemu inali ya malemu bambo awo, ba Fackson, amene anabwera kuchokera ku Dedza ali mnyamata nagwira umesenjala m'tauni zaka makumi atatu. Munthuyo anapalasa mpaka mawondo kutha, ndipo nyimbo yake inali imodzi: tsiku lina ndidzaikapo injini. Anamwalira asanaike.

Ndiye mwana wawoyu, mmisiri wowotcherera mageti ndi mawindo, anati ndiika ndine. Injini anachotsa pa makina otchetchera udzu. Thanki anaumba ndi botolo lozimitsira moto, kulimenya ndi nyundo mpaka linakhala ngati papaya. Mahandulo anawatembenuza kuloza pansi ngati nyanga za ng'ombe yaukali. Chishalo chachikopa anasoketsa kwa wosoka nsapato. Penti yakuda bii, ndi kamzere kagolide kamene anajambula ndi nthenga ya nkhuku atagwira mpweya. Anthu ankapatuka panjira ya kumsika kudzangoiona. Madala ena ankavula zipewa.

Koma sinkalira.

Mawa lake kunali kuvundukula mwala pamanda a ba Fackson ku Leopards Hill. Mayi awo, ba Tinenenji, a miyendo yotupa, amene anatha chaka osatuluka pageti, anali atanena kale mawu awo.

"Ine galimoto sindikwera. Tsiku la ukwati ndinapita kutchalitchi pa kaliyala wa njinga imeneyi. Kumanda ndipitanso pomwepo. Ikakanika, mupite nokha."

Ndipo ba Tinenenji sankanena chinthu kawiri.

Mlongo wa ba Edwell, Chrissie, anatulukira ndi beseni la mbale.

"Ba Edwell, ivi vinthu vanu vizalila liti? Auzeni chabe amai kuti vakanga."

"Izalila."

"Na galu wa pa neba amalila, koma sanyamula munthu."

Ba Edwell anatikita m'maso. Maso ankawawawa. Masana magetsi anabwera maola awiri okha, ndipo pothamangira kuwotcherera popondera mayi awo, sanafune kutaya nthawi kufunafuna chigoba chakumaso. Tsopano m'maso munali ngati mwathiridwa mchenga. Misozi chuchuchu. Kandulo ankaiona ngati makandulo atatu.

Nyumba inagona. Mabala a mowa anatseka. Iwo ali pomwepo. Anatsuka pulagi. Anapemerera kabyuleta. Anakwera, gudumu lakumbuyo lili m'mwamba pa sitandi, napalasa mpaka thukuta. Injini inkangotsokomola kamodzi, n'kukhala chete.

Kenaka agalu onse a mumzerewo anasiya kuuwa nthawi imodzi.

"Odi kuno, amisiri."

Ba Edwell anatembenuka. Pafupi ndi mpanda panaima mkulu wina. Geti la mpandawo analiwotcherera okha, ndipo limalira ukangoligunda. Sanalimve. Anapukuta misozi kuti aone nkhope, koma inali ngati nkhope yoonera m'madzi. Chimene anaona bwino ndi miyendo: thalauza la khaki, lomangidwa m'akakolo ndi timalamba, monga ankachitira opalasa akale.

"Lowani, tate. Mwasochera?"

"Ndamva ikutsokomola. Ndinati ndione."

Mawu ake anali otsika, ngati ochokera m'mgolo, ndipo Chichewa chake chinali cha kumudzi, cha madala a kutchalitchi. Munthu wamkulu safunsidwa dzina usiku. Ba Edwell anamukokera njerwa kuti akhale. Sanakhale.

Anazungulira njinga pang'onopang'ono. Anasisita thanki. Anatsata kamzere kagolide ndi chala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Dzanja ili ndi labwino," anatero. "Munaphunzira kuti?"

"Kungoona chabe, tate."

"Kuona kumeneko si kwa aliyense."

Ba Edwell anamva kutentha pachifuwa. Zaka makumi anayi ndi zisanu, bambo awo sanawayamikirepo ngakhale pa geti limodzi.

Mkulu uja anatola sipoko ya njinga pansi. Nsonga imodzi analuma ndi mano, ina anagunditsa pa injini.

"Palasani."

Anapalasa. Mkuluyo anatsinzina, akumvera ndi mano. Anasuntha sipoko. Anasunthanso.

"Basi. Ikupumira m'mbali. Apa, pamene kabyuleta yakumana ndi injini. Dulani katoni yopyapyala, mupake girisi, mumange."

Ba Edwell anang'amba kabokosi ka masamba a tiyi. Anadula mopapasa, napaka, namanga. Pomanga, dzanja lawo linakhudza la mkuluyo. Usiku wa Okutobala, wogona anthu osafunda, dzanjalo linali ngati mpopi wa mu Juni.

Anapalasa kachiwiri.

Du. Du. Du-du-du-du.

Inalira, abale. Osati phokoso la timahonda ta anyamata onyamula katundu, ayi. Inalira mokhuthala, mosathamanga, ngati ng'oma yaikulu. Nyale yakutsogolo inayaka chikasu. Ba Edwell anaseka okha, misozi ya moto ndi ya chimwemwe itasakanikirana. Anatsitsa njinga pa sitandi kuti aikwere.

"Ayi," anatero mkuluyo. "Mmisiri sayamba kukwera. Woyamba ndi mwini wake."

Lamulolo alidziwa aliyense wokonza njinga pansi pa mtengo. Ukakonza, umapereka, mwini ayese.

"Mwini wake anatisiya, tate."

Mkuluyo anaika dzanja pa chishalo.

"Ndiye ndikuyesereni ine. Mpaka pakona."

Mtima unakana. Koma mungamukanize bwanji mkulu amene wakupulumutsani? Anamupatsa mahandulo ndi manja awiri. Mkuluyo anaponda pedulo, nakankha kawiri ndi mwendo wina, nauponya pamwamba pa chishalo. Anazungulira nyumba kulowera kutsogolo. Kumeneko injini inaima kanthawi, ikungoguguda. Kenaka inanyamuka. Kulira kuja kunatsika mumsewu, kunadutsa pakona, kunachepa, kunatha.

Ba Edwell anadikira. Anathamanga mpaka pakona osavala nsapato. Anafika kumsika. Mlonda wa pamenepo anati sanaone kanthu, anangomva. Anabwerera, nakhala pa thumba lija, mutu uli m'manja. Miyezi isanu ndi inayi aipereka kwa mbala ndi manja awiri. Kukacha awauza chiyani mayi?

Tambala atalira kachitatu, Chrissie anatuluka atafunda chitenje, nkhope itatuwa.

"Ba Edwell, amai kulibe pa bedi. Na chitenje cha Mvano kulibe. Chitseko nakhoma neka, fungulo nili nayo apa."

Anafufuza m'chimbudzi, kwa maneba, m'ngalande. Kenaka foni inalira. Anali amuna a kutchalitchi amene analawirira kumanda kukamanga tenti.

"Bwelani. Musafunse, bwelani chabe."

Atafika kumanda, anawapeza ba Tinenenji atakhala pa kaliyala, chammbali, mapazi ali popondera paja. Avala za Mvano, duku loyera litafiira ndi fumbi. Njinga ili pa sitandi pafupi ndi mwala wokutidwa nsalu, yopanda ngakhale kokalika. Injini ikadali yofunda.

Chrissie anagwada. "Amai, mwafika bwanji kuno? Anakunyamulani ni ndani?"

Ba Tinenenji anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"Kuyendetsa kwake n'komwe kuja," anatero. "Dzenje lililonse kulowamo." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Akuti buleki yakumbuyo umange pang'ono. Zina zonse zili bwino."

Mwambo unachitika. Abusa anafupikitsa ulaliki, ndipo nyimbo zinkatuluka monjenjemera. Anthu ankanong'onezana kumbuyo. Ena amati ndi dala wina wa ku Chilenje, mnzawo wa malemu. Ena amati dalayo anaikidwa kale, mzere wachitatu kuchokera pomwepo. Palibe anayandikira njinga.

Pobwerera, ba Tinenenji anakananso galimoto. Ba Edwell anamanga buleki ndi sipanala, nakwera. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Koma njinga inkalemera. Mayi awo anali munthu wochepa thupi, komabe matayala ankamira mumchenga, mahandulo akulimba ngati pali manja ena. Anayenda choncho pakati pa mitumbira, osacheuka.

Atangofika pageti la manda, njinga inapepuka mwadzidzidzi mpaka kudumphira kutsogolo.

Mayi awo anawagwira m'chiuno.

"Atsika," anatero. "Tiye kunyumba."