Kachidebe ndi Chuku Chotchera Misampha

Mdzukulu wanga timamutcha Kachidebe. Sasiyana ndi kachidebe kake kothirira mbewu. Kachidebe ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuthyola tomato wodzala yekha.

Anadzala tomato kuseri kwa nyumba. Ine ndinkamuyang'anira pawindo.

"Samala ndi khasulo! Samala ndi minga! Samala ndi dzuwa!"

"Ndamva, Agogo," ankatero.

Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Koma tomato anafota. Kachidebe anazula mtengo umodzi. Mizu yake inali yotupatupa.

"Taya, mwanawe, taya!" ndinakuwa. "Nanga zala zako zikatupa?"

Koma sanataye. Anauponya m'kachidebe.

"Agogo, tiyeni kwa alangizi a zaulimi."

Ndinamuperekeza. Pamsewu pamadutsa magalimoto. Ndinamugwira dzanja zolimba.

Alangizi anayang'ana mizu ija.

"M'dothi mwanu muli tinyongolotsi," anatero. "N'tating'ono kwambiri. Sitioneka ndi maso. Timaboola mizu, ndiye mizu imatupa."

Anamupatsa ufa m'kapepala. Anamuuza zambiri. Ine sindinamve zonse. Maso anga anali pa galu amene anagona pakhomo. Agalu ogona sindiwakhulupirira.

Kachidebe anali atatsala ndi mbande zitatu zokha. Anasakaniza ufa uja ndi manyowa. Anathira pabedi. Anathirira. Anadikira masiku angapo. Kenako anadzala mbande zake zitatu.

Tsiku lina ndinapita kukasuzumira. Mayo ine! Pamanyowa panali poyera mbuu! Chuku!

Chuku ndimachidziwa ine. Chuku chimaononga mtedza. Chuku chimadwalitsa anthu.

Ndinathamanga kukawiritsa madzi. Ndinabwera ndi ketulo, nthunzi ili tolotolo.

Kachidebe anaima kutsogolo kwa bedi. Anatambasula manja.

"Agogo, ayi! Mbande zanga zipsa! Chimenechi ndi chuku changa! Chachokera mu ufa uja!"

"Chako? Chuku n'kumaweta ngati nkhuku? Choka apo, ungapse!"

"Ikani kaye ketuloyo pansi, Agogo. Tiyeni kwa alangizi mukaone nokha."

Ndinaika ketulo pansi. Tinaolokanso msewu. Ulendo uno anandigwira dzanja ndi iyeyo.

Alangizi anaseka. Anatulutsa kambale kagalasi. Munali chuku chomwe chija. Anakaika pamakina okulitsa tinthu ting'onoting'ono.

"Tsinzinani diso limodzi, Agogo. Linalo muyang'ane apa."

"Sachititsa khungu amenewa?"

"Ayi ndithu, Agogo."

Ndinayang'ana. Ndinaona timaulusi toyera. Timaulusito tinali ndi timphete. Kenako kanyongolotsi kanabwera. Kanali pinyupinyu. Kanalowetsa mutu m'kamphete. Gwi! Kamphete kanathina. Kanyongolotsi kanaphupha, koma osachoka.

"Khwekhwe!" ndinakuwa. "Ili ndi khwekhwe! Kachidebe, agogo ako aamuna ankatchera nkhwali chonchi!"

"Eya," anatero alangizi. "Chuku ichi chimatchera misampha m'dothi. Chikakola kanyongolotsi, chimakadya. Tinyongolotsi tikachepa, mizu imapuma."

"Nanga cha pamtedza chija?"

"Chimenecho n'china. Muzichiopabe. Dzina ndi limodzi, koma ntchito n'zosiyana."

Ine kusukulu sindinapondeko. Koma khwekhwe ndimalidziwa.

Tinabwerera kunyumba. Madzi a m'ketulo anali atazirala. Ndinawathira m'kachidebe muja.

"Thirira mbande zako," ndinatero. "Koma samala, ungaterereke."

Kachidebe anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Mbande zinakula. Zinachita maluwa achikasu. Zinabala tomato wobiriwira. Kenako mmodzi anapsa psuu!

Kachidebe anamuthyola yekha. Anamutsuka kawiri, chifukwa ine ndinati kamodzi sikokwana. Amayi ake anamudula panayi. Wina wa abambo ake. Wina wa amayi ake. Wina wa Kachidebe. Wamkulu kwambiri anali wanga.

Anali wokoma bwanji!

Masiku ano bedilo ndimalilondera ndine. Nkhuku ikayandikira, ndimaikuwira.

"Fyaa! Pali misampha pamenepo!"

Ine ndikamapitako, ndimavala nsapato.

"Agogo," amaseka Kachidebe, "chala chanu sichingalowe m'kamphete kameneko!"

"Ndikudziwa, mwanawe," ndimatero.

Koma nsapato sindivula.