Womaliza Kulawa Osaka

A Makwinja anali khale pampando wa pabalaza, magalasi akuda ali m'maso, timachubu tiwiri tili m'mphuno, akutafuna ngati mbuzi yobzikula. Dovu linali chuchuchu kutsikira m'ndevu.

"Eee! Koma ndiye kutentha!" anatero mawu akutuluka mobanika. "Amake Pempho, ndikudya nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu pano, pakati penipeni pa Osaka!"

Ku Osaka kwake kuti? Bambowo anali kunyumba kwawo ku Chilomoni, m'chaka cha 2063, ndipo chimene chinali m'kamwa mwawo chinali lilime la mphira la makina otchedwa Kalawe.

Masiku amenewo munthu sankangonyamuka kupita kwa eni ngati kale. Ukafuna ulendo, kampani ya maulendo inkakubwereka Kalawe, kabokosi kofanana ndi wailesi. Magalasi ake ankakuonetsa mzinda, timachubu tinkakununkhiza fungo lake, lilime lija linkakulawitsa zakudya. Koma pamene iwe ukulawa mzinda, Kalawe naye ankakulawa iwe. Ankayeza malovu ako, kugunda kwa mtima ndi kutembenuka kwa m'mimba, n'kudziwa chimene chakukomera ndi chimene chakunyansa. Akatero ankakonza yekha ulendo wonse, kogona, kodyera ndi kokaona, kenako n'kutumiza zotsatira kwa makina apamalire. Mizinda ikuluikulu inali itatopa ndi alendo ongobwera kudzadandaula, choncho inkalandira okhawo amene matupi awo auvomera mzindawo.

Mwini ulendowu anali Zione, mkazi wa a Makwinja. Ndiye anauyambitsa, ndiye anaulimbikira mpaka mwamuna wake anavomera. Zione ali mwana, bambo ake anali ndi galimoto yakale yochokera ku Japan, ija inkabwera ndi kagalasi ka mapu kutsogolo. Kagalasiko sikanadziwe konse kuti kafika ku Malawi. Galimoto ili pafumbi la ku Lunzu, iko kankaonetsabe misewu ya Osaka ndi kamlatho kodutsa pamwamba pa ngalande yamadzi, ndipo mawu a mayi wina ankalonjera m'Chijapani nthawi zonse injini ikalira. Bambo ake ankaseka n'kunena kuti, "Zione, tsiku lina ukaime pa mlatho uwu, ukawauze kuti galimoto yawo inafika bwino." Bambowo anapita kalekale, galimoto inadyedwa ndi dzimbiri, koma mlathowo unakhalabe m'mutu mwa Zione.

Tsono vuto linali lakuti Kalawe anali ndi lilime limodzi, ndipo ankayeza banja lonse lili pamodzi, mmodzimmodzi. Akampani anasiya botolo la mankhwala oviikamo lilimelo munthu akamaliza. Tsiku loyamba lomwelo a Makwinja analitenga botololo n'kuliika pamwamba pa kabati.

"Mankhwala a chiyani? Ife ndife banja limodzi. Kapena alipo amene amanyansidwa ndi mnzake m'nyumba muno?"

Ayankhe ndani?

Mzere unayenda monga umayendera pa chakudya. Ankayamba ndi bambo, eni nyumba. Kenako a Felesiya, mlongo wawo wa a Makwinja, amene sanali pa ulendowo n'komwe, koma anangoti atamva za Kalawe anayamba kubwera kudzacheza masana alionse, ndipo mlendo samanidwa. Akachoka iwo ankabwera Pempho, mwana wamkazi woyamba, kenako mlongo wake Yankho amene sabata imeneyo anali ndi chimfine cha mamina obiriwira. Zione, monga mayi wa pakhomo, ankati, "Yambani inu, ine pambuyo."

Abale inu, lilime lija pofika kwa Zione linali chinthu chosati n'kuchiyang'ana kawiri. Linali lofunda ndi kutentha kwa m'kamwa mwa anthu anayi, loterera ngati therere logona. Linkanunkha bonya ndi masese a bambo, chingamu cha a Felesiya ndi mankhwala a chifuwa a Yankho. Timachubu ta m'mphuno ndiye tisanene. Tsiku loyamba Zione anakoka nsonga ya chitenje kuti apukuteko.

"Iii, alamu, mukupukuta chiyani?" anafunsa a Felesiya, maso ali tong'o. "Achimwene anga ali ndi matenda? Tiuzeni tidziwe."

Zione anasiya chitenje, anatsinzina, n'kuliika m'kamwa.

Osaka anayaka m'maso mwake. Nyumba zazitali zokhudza mitambo, masitima oyenda m'mwamba opanda phokoso, nyali zofiira zapepala zolendewera pakhomo pa tinyumba todyeramo, anthu piringupiringu koma osagundana. Chapatali anaona ngalande yamadzi ikunyezimira. Mtima unafuna kudumpha, koma m'mimba munatsogola. Anamva kachidutswa ka nsomba, kotsalira m'mano mwa wina, kakuyendayenda pa lilime lake. Nseru inakwera mpaka pakhosi. Anameza, inabweranso, anamezanso.

"Mayi Zione," anatero Kalawe ndi mawu ake aulemu, "thupi lanu likusonyeza kunyansidwa kwakukulu. Kodi chikukunyansani n'chiyani?"

A Makwinja anatembenuka. A Felesiya anatchera khutu, kamwa lili yasa. Anene bwanji mkazi wolangidwa bwino, pamaso pa mlamu ndi ana, kuti malovu a mwamuna wake akumuchititsa nseru? Mawa lomwelo nkhani ikanafika kwa ankhoswe.

"Palibe," anatero Zione. "Zonse zili bwino."

Zinayenda choncho sabata yonse. Tsiku lina Kalawe anawaonetsa nyumba yakale ya mafumu yozunguliridwa ndi madzi, tsiku lina nyumba yagalasi yosungiramo nsomba zazikulu kuposa minibasi, tsiku lina msika. Bambo ankafuula, ana ankakanganirana malo okaona, a Felesiya ankanyambita lilime lija mpaka kulira nalo, "Mmm! Koma Ajapani amadya bwino!" Zione ankalandira zotsala, n'kumenyana ndi m'mimba mwake. Tsiku lililonse Kalawe ankafunsa funso lomwe lija, ndipo tsiku lililonse ankamva yankho lomwe lija. Pempho yekha ndiye anamunong'oneza kukhitchini.

"Amayi, bwanji osangonena? Inenso zimandinyansa, koma ine ndimalandira za abambo ndi azakhali basi. Inu mumalandira za tonse."

"Khala chete iwe. Nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndiyambitse nayo mlandu? Tikakwera ndege ziiwalika."

Manyazi anapha Lambe, amatero akuluakulu.

Loweruka m'mawa banja linasonkhana kudzamva dongosolo la ulendo. Zione anali atasita kale chitenje chimene anafuna kukavala pa mlatho. Kalawe anayatsa kanyale kobiriwira n'kuyamba kufotokoza: ndege yonyamuka pa Chileka, kogona pafupi ndi ngalande, nsomba zazikulu za Yankho, masitolo a Pempho.

"Chilolezo chaperekedwa kwa anthu anayi," anapitiriza. "Bambo Makwinja, Pempho, Yankho ndi mayi Felesiya."

"Wati ndani?" Zione anadzuka.

"Mayi Zione, thupi lanu lakana Osaka nthawi zonse zimene munamulawa. Makina apamalire salandira mlendo wotero. Popeza malo anayi analipiridwa kale, ndapereka anu kwa wachibale amene thupi lake linakondwa kwambiri. Mukhoza kudzapemphanso pakatha zaka khumi."

"Si Osaka ayi!" Zione anakuwa, ulemu wonse utathawa. "Ndi malovu! Malovu anu, bambo a Pempho, ndi anu alamu, ndi mamina a mwana uyu! Sabata yonse ndakhala ndikumeza zonyansa zanu!"

"Ndinakufunsani, mayi," anatero Kalawe modekha. "Zotsatira zinatumizidwa kale, ndipo sizibwezedwa."

Zione anayang'ana mwamuna wake. Anadikira kuti anene kuti ngati amake Pempho sapita, palibe akupita. Akanangonena zokhazo basi, ngakhale monama. Koma a Makwinja anakanda ndevu zawo zomwe zija, n'kuyang'ana kudenga.

"Ndiye mwakhala mukunyansidwa nane? Chabwino, tamva. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, amake Pempho. Inu munangokhala chete. Tsono malo awonongeke?"

"Ine sindinapemphe, alamu," anatero a Felesiya, akudziyang'ana zikhadabo. "Ndi makinawa. Kodi chikwama chanu chachikulu chija mungandibwerekeko?"

Apo Zione anamva nseru ina, yoposa ya lilime lija, yosachokera m'mimba. Anawanyansidwa onse awiri, ndipo anadzinyansidwanso yekha. Pempho analira kuti iye sapita, koma mayi ake anamukakamiza, poti mwana analakwanji.

Anapita onse anayi. Akampani anachedwa kudzatenga makina awo, ndipo m'mawa wina, nyumba ili zii, Zione anakwera pampando n'kutsitsa botolo lija pamwamba pa kabati. Linali losatsekula, fumbi lili mbuu. Anaviika lilime ndi timachubu, anatsukuluza, anaviikanso. Kenako anavala chitenje chake chosita, anakhala pampando wa bambo, n'kuuza Kalawe kuti amutengere ku ngalande.

Mlatho unali pomwepo. Kamphepo kamadzi kanamuomba m'mphuno pamodzi ndi fungo la mafuta okazingira. Analawa timibulu totentha ta nyama ija ya miyendo isanu ndi itatu, ndipo tinali tokoma, abale, tokoma zedi! Misozi inadzaza magalasi. Anayankhula chapansipansi, lilime lili m'kamwa, kuti galimoto inafika bwino.

"Mayi Zione," anatero Kalawe, "chisangalalo chotere sindinachiyezepo m'nyumba muno. Pepani kuti kuyeza kunatsekedwa."

Lamya inalira. Anali a Makwinja, nkhope yodzaza galasi lonse, chinachake chobiriwira chitakanirira pa dzino.

"Amake Pempho, taima pa mlatho wanu uja. Palibe chimene mwaphonya, kamlatho chabe, ngakhale wa pa Mudi uli bwino. Mwawapatsa chakudya agalu?"

Zione anadula lamya, anatuluka panja n'kulavula m'maluwa. Kalawe sananame, nseru inalipodi ndipo anaiyeza bwinobwino. Chimene makinawo sanapangidwe kuti ayeze n'chakuti munthu amakhala wachingati pamzere m'nyumba mwake.