Wasupu pa Mlatho wa Mitengo

Silvester ananyamuka pa Nsipe dzuwa litalowa kale. Basi yochokera ku Blantyre inawonongeka panjira, ndipo pamene ankatsika amalonda anali atalongedza katundu wawo. Sidiki, mwini golosale, anamupempha kuti agone pompo mpaka kuche, koma iye anakana. Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1976. Anali atatha zaka zisanu ndi zitatu akuphunzitsa kuchigwa cha Shire osapondako kwawo, ndipo tsopano anali atamuchotsa ntchito osamuuza chifukwa. Mkazi wake Aida ndi ana anali atatsogola. Iye ankangofuna kukafika.

Njira inakwera mtunda kudutsa m'minda ya mbatata ya kachewere. Fungo la dothi lokumbidwa kumene linamukumbutsa Bambo Kilani, wansembe wa ku Ayalandi amene ankawaphunzitsa mbiri pasukulu ya mishoni. Mzungu uja ankaseka kuti anthu a kuno mtundu wake wonse anausandutsa dzina la mbatata, ailishi. Ankawauzanso mayina a m'mbiri ya kwawo. Kunali Atsekwe Akuthengo, asilikali amene atagonja pankhondo anawoloka nyanja osabwereranso. Kunali Akumwa Supu, amene pa njala yaikulu anasiya mpingo wawo kuti alandire mbale ya chakudya. Anyamata anatola mayinawo nkumatchulana. Silvester, amene anathawa sukulu katatu, anakhala Tsekwe. Mnzake Edson, wokonda kunenera anzake kwa aphunzitsi, anakhala Wasupu. Dzinalo linasiya kuseketsa Edson atakula, pamene ananeneza Bambo Kilani kuti amanyoza boma, wansembeyo nkuthamangitsidwa m'dziko pasanathe masiku awiri.

Chifunga chinatsika m'phiri. Silvester anakoka kolala ya jekete nkufulumira. Kutsogolo kunali mlatho wa mitengo, ndipo tsidya lake, kudzanja lamanzere, manda a m'mudzi.

Agalu a kutali anangosiya kuuwa. Zii.

Anaponda mtengo woyamba wa mlathowo. Unalira. Anapondanso... kumbuyo kwake kunalira mtengo wina. Anaima. Nakonso kunaima. Anagwiritsitsa sutikesi yake.

"Tsekwe."

Dzina limenelo panali patatha zaka zambiri osalimva. Silvester anacheuka pang'onopang'ono. Munthu anali chilili pamlathopo, wavala malaya oyera a manja aafupi m'chisanu chonsecho. Nkhope yake inali yowonda, koma mpata wa m'mano anauzindikira.

"Edson? Ndiwe?"

"Unditchule dzina lija munandipatsa. Ndi langa ndithu."

Silvester sanathe kulitchula. Anazindikira kuti mpweya wake womwe ukutuluka ngati utsi, koma pakamwa pa mnzakeyo sipankatuluka kanthu. Malaya aja ankadontha madzi. Tho... tho... pamitengo youma.

"Kunyumba kwako usafikeko," anatero Edson. "Kuseri kwa tchalitchi kwaima galimoto yopanda nambala. Akudikira iwe kuyambira masana. Tsekwe satera pamene pali msampha."

Silvester anafunsa kuti iye wadziwa bwanji, komanso chifukwa chiyani akhulupirire munthu amene anagulitsa mphunzitsi wawo. Edson anayang'ana madzi a pansi pa mlatho.

"Supu ija inali yozizira, mnzanga. Mpaka lero sindinafundidwe."

Chifunga chinadutsa pakati pawo. Chitapita, pamlatho panalibe munthu!

Silvester anathamanga. Sutikesi anaitaya m'tchire. Pamphambano anaima akupuma mwawefuwefu: kumanja kunali kwa Aida ndi ana, moto wa pamudzi ukuoneka ndithu. Analira ngati mwana, koma anakhotera kumanzere, nkutsata kanjira ka ng'ombe mpaka kumudzi kumene anakwatiwa mlongo wake Dailes, kufupi ndi malire a Mozambiki.

Mlamu wake Bizwell anamutsekulira, nkumubisa m'nkhokwe. Kutacha Dailes anapita kwa Aida ngati wokapempha mchere, ndipo anabwerako ndi uthenga. Amuna anayi anali atafikadi usikuwo. Anang'amba matiresi, anatenga mabuku onse, nanena kuti abweranso. Aida anatumiza bulangete ndi mawu akuti asayerekeze kubwera kudzatsanzika.

Madzulo ake Bizwell anamuperekeza kumalire. Ali m'njira anamufunsa amene anamutsina khutu, popeza m'mudzi monse palibe amene akanalimba mtima. Silvester anayankha kuti ndi Edson, ndipo anapempha kuti zinthu zikadzazizira akamuthokozere.

Bizwell anaima. Anavula chipewa.

"Alamu, mukunena Edson uti? Wasupu?"

"Yemweyo. Ndinakumana naye pamlatho wa mitengo."

Ng'ombe zimene zinkachokera kudambo zitawadutsa, Bizwell anati:

"Edson tinamuika mu 1970, inu muli kuchigwa. Anamupeza m'mamawa pansi pa mlatho womwewo, madzi ake ofika m'mawondo okha. Pamaliro pake panabwera anthu asanu ndi awiri. Manda ake ndinakumba nawo ndine."